Kashopu ka mabuku a kaunjika ku Limbe, chaka chonse ndakhala ndikugula pamenepo

Ambiri mumandifunsa kuti mabuku ndimawerengawa ndimawapeza kuti poti mashopu akuluakulu mtauni muno angodzaza ndi mabuku a sukulu, makope ndi ma Baibulo basi. Yankho ndi kashopu kena kakang'ono ku Limbe komwe madala ena amagulitsa mabuku a kaunjika, dzina sinditchula chifukwa ndinenapo ndi zoipa zomwe ndipo sindikufuna ndikapitanso andithamangitse kkkk. Chaka chino pafupifupi zonse ndawerenga ndazitenga pamenepo, manovelo, mbiri yakale ndi za kamangidwe ka nyumba, nde ndikuona kuti ndingathe kunenapo. Mwachidule: ngati mukufuna manovelo pitani lero lomwe, ngati mukufuna mbiri ya dziko lathu konzekani kudikira komanso kulira pa mtengo, ngati ndi za zomangamanga ndiye pempherani.

Mmene amachitira ndi chonchi. Katundu amabwera mu makatoni, ambiri ndi ochokera ku UK, mumaonera zidindo za malaibulale akumeneko zolembedwa kuti bukuli lachotsedwa, ena mpaka muli timakadi ta Khirisimasi toiwalika mkati. Katoni ikatsegulidwa madalawo amajambula misana ya mabuku nkuponya pa sitetasi ya WhatsApp, amene wayamba kuyankha ndi amene watenga, ukachedwa ndi ola limodzi upeza zabwino zonse zapita, zili ngati tsiku lotsegula belo la zovala pamsika, wofika masana amatola zotsala. Kulipira ndi Airtel Money kapena Mpamba, a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amawatumizira pa basi koma ndalama ya basiyo ndi yanu. Chomwe chinandikoka kwambiri ndi choti ukamaliza kuwerenga ukabweza buku lili bwino amakudulira theka pa lotsatira, nde kwa ife owerenga pafupipafupi zimatiyendera.

Ku manovelo kulibe vuto, shelefu ndi yodzaza mpaka ena ali pansi. Zambiri ndi zija za apolisi ndi maloya komanso zachikondi, a John Grisham ndi a Danielle Steel ali mbwee, koma ukafukula bwinobwino umapeza zenizeni. Nthawi zina kumatuluka timabuku tija ta chikuto cha olenji ta African Writers Series tomwe a Heinemann anayamba kutulutsa mu 1962, timeneto madala amatidziwa mtengo wake, samatiyika pa shelefu, amasunga mu kabati pansi pa kauntala nkumapatsa okhawo awadziwa kuti amawerengadi. Ine kuti ndilowe mu gulu limenelo zinatenga miyezi, poyamba ankangoti "palibe achimwene" pomwe ndikuona ngodya ya olenji ikusuzumira mu kabatimo.

Novelo yomwe inandisokoneza chaka chonse ndi The Pillars of the Earth ya Ken Follett, ya mu 1989, chibuku chachikulu chamasamba pafupifupi 1,000 chomwe anandigulitsa motchipa poti chikuto chinali chitathothoka. Nkhani yake ndi yomanga tchalitchi chachikulu ku England zaka za m'ma 1100, mmisiri wosauka, ansembe okangana, mabwana olanda miyala, ndipo pena pake imakokomeza nkhanza mpaka kutopetsa, anthu oipa ndi oipa kotheratu opanda kabwino olo kamodzi. Koma mmene amafotokozera chifukwa chake khoma lalitali limafuna kukankhira kunja denga likalemera, ndi mmene amisiri amalichirikizira ndi zipilala za kunja, zinandipangitsa kuti ndipite ku Blantyre Mission kukayang'ananso tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe ndakhala ndikudutsa pa minibasi kuyambira ndili mwana osachilabadira. Amangwetu tchalitchi chimenechi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, wotsogolera anali m'busa David Clement Scott amene sanaphunzirepo zojambula mapulani, ndipo omanga anali anthu akonkuno omwe anali asanamangepo chinthu chotere. Njerwa ankaumba ndi kuwotcha pomwepo, ndipo mukaima pafupi muona kuti si mtundu umodzi, zina ndi zokhota, zina zosongoka, zina zokhala ndi maluwa, iliyonse ndi malo ake, nsanja ziwiri za kutsogolozo sizofanana nkomwe. Scott yemweyo ndi amene analemba dikishonale ya Chimang'anja ya mu 1892, kaya ankagona nthawi yanji.

Nde ndinabwerera ku shopu kuja ndi moto, ndikuti madala ndipatseni chilichonse cha nyumba zakale za kuno, St Michael's, Mandala House ya mu 1882, tchalitchi cha St Peter's cha pa Likoma chomwe anayamba kumanga mu 1903, nyumba za ku Zomba. Anangoseka nkuti "mwana wanga, zimenezo sizibwera mu katoni." Ndipo apa ndi pamene pali vuto lenileni la shopu imeneyi, amagulitsa zomwe azungu atopa nazo, ndipo azungu sangatope ndi buku la Likoma poti alibe. Shelefu yomwe iwo amati ya zomangamanga ndi yoseketsa, muli mabuku a mmene ungatsekere mphepo mnyumba nthawi ya chipale chofewa, mmene ungakonzere chipinda cha pansi pa nthaka, minda ya maluwa ya ku Kent, makhitchini a zaka za m'ma 1980 okhala ndi makabati a bulauni. Zithunzi ndi zokongola shuwa koma munthu amene akumanga ku Chileka kapena ku Njewa ndipo vuto lake ndi kutentha kwa mu October pansi pa malata sapezamo kanthu.

Limodzi lokha ndi lomwe linandilipira kudikira konse, Architecture for the Poor la Hassan Fathy wa ku Egypt, lomwe linatuluka ndi dzina limeneli mu 1973. Madala analiika pa mulu wa mabuku a zachipembedzo chifukwa cha dzina, ankaganiza kuti ndi la zachifundo. Fathy anapatsidwa ntchito yomanga mudzi watsopano wa New Gourna pafupi ndi Luxor zaka za m'ma 1940, ndipo anasankha kumanga ndi zidina, njerwa za dothi zosawotcha, denga lomwe ndi la dothi lopindika mmene amamangira amisiri a ku Nubia, popanda matabwa popanda chitsulo. Mfundo yake ndi yoti khoma lonenepa la dothi limamwa kutentha masana nkumakutulutsa usiku, nde mkati mumazizira, pomwe simenti ndi malata zimakuphika. Ife tonse takulira mnyumba za zidina ndipo timazitenga ngati chizindikiro cha umphawi, munthu akangopeza kandalama amagwetsa nkumanga ya mabuloko, nde kuwerenga munthu wophunzira akuikira kumbuyo dothi ndi masamu ake zinandikhudza. Koma bukuli si loyamikira lokha ayi, mudziwo sunathe, anthu omwe ankawamangira ambiri anakana kusamuka chifukwa moyo wawo unali pa manda akale a pa phiri pomwe ankakhala, ndipo Fathy akamadandaula za akuluakulu aboma mumamva kuti iyenso sankamvetsera kwenikweni zofuna eni ake. Komanso ku Luxor mvula sigwa, ife kuno taona zomwe namondwe Freddy anachita mu March 2023 ku Chilobwe ndi ku Soche, nde zidina popanda maziko olimba ndi khonde lotalika ndi kudziika mmavuto. Ndinafuna kupitiriza ndi za Francis Kéré wa ku Burkina Faso, uja anamanga sukulu ya ku Gando mu 2001 ndi dothi nkukweza malata mmwamba kusiya mpata woti mphepo izidutsa, amene mu 2022 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kupata mphoto yaikulu ya zomangamanga ya Pritzker, koma madala dzinalo anali asanalimvepo ndipo mpaka lero sanapeze.

Za mbiri yakale ndiye nkhani ina. Za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, za Churchill, za mafumu a ku England, zilipo zambiri ndipo ndi zotchipa kuposa manovelo poti palibe amagula. Za Malawi ndi za oda, umalipira theka iwo nkuuza munthu wawo wa kunja. Ndinaodetsa A History of Malawi 1859-1966 la John McCracken, la mu 2012, anandiuza kuti milungu itatu, mvula inayamba mpaka kutha buku osaoneka, ukafunsa yankho ndi forex, ukafunsanso akuti munthu wonyamula wasintha tsiku. Litafika mtengo unali utakwera, akuti kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 sangalonjeze mtengo wa chinthu chomwe sichinafike, chabwino ndikumva, koma bwenzi atanena poyamba osati ndalama yanga ili kale mthumba mwawo. Ndalama ya buku limodzi limeneli ndikanagula manovelo odzaza jumbo. Ndipo risiti kulibe, zonse zimalembedwa mu kope lawo la chikuto chofiira, likasowa kopelo kaya tidzatani.

Koma bukulo ndi lofunikadi ndalama yake. McCracken anaphunzitsapo ku Chancellor College ndipo zimaoneka kuti dzikoli ankalidziwa, sakuthamangira kwa Kamuzu ngati mmene tinaphunzirira ku sekondale, amatenga nthawi pa fodya, thonje, njanji, anthu opita ku migodi ku Joni ndi ku Rhodesia, njala ya mu 1949, kenako State of Emergency ya pa 3 March 1959 ndi mkangano wa nduna wa mu 1964. Chizungu chake ndi cholemera pang'ono ndipo zilembo ndi zazing'ono, musawerenge ndi tochi ya foni magetsi atazima, mudzandithokoza. Chomwe chinandipweteka ndi choti likuthera mu 1966, nde nkhani yosamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975 ndi ngongole ya boma la South Africa, nkhani yomwe ine ndinkaifuna kwambiri kuti ndimvetse chifukwa chake mzindawu unamwazikana chonchi ma Area ali patalipatali ndi tchire pakati, mulibemo.

Lomwe ndinalikonda kuposa onse chaka chino ndi Magomero la Landeg White, la mu 1987, ili linabwera lokha mu katoni mwamwayi, chidindo cha yunivesite ina chili pa tsamba loyamba. Ndi mbiri ya malo amodzi basi, kuyambira pomwe Bishop Mackenzie ndi amishoni a UMCA anafika mu 1861, kudzera pa esiteti ya A.L. Bruce ndi thangata, Alomwe ochokera ku Mozambique akugwira ntchito yolipirira malo okhala, usiku wa pa 23 January 1915 pomwe anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, mpaka zaka za m'ma 1980. Ukaliwerenga umaona kuti kuukira kuja sikunagwe kuchokera kumwamba, anthu anali atakwiya zaka, matchalitchi a udzu omwe ankamanga pa esitetipo ankawotchedwa. Ndipo tchalitchi cha njerwa cha Chilembwe ku Mbombwe asilikali anachiphwasula ndi mabomba nkhondoyo itatha, nde mukamawerenga za zomangamanga ndi mbiri nthawi imodzi mumayamba kudzifunsa kuti nyumba zakale zomwe zatsala ndi za ndani ndipo zomwe zinagwetsedwa ndi za ndani. Ndinalitsatiza ndi novelo ya Petina Gappah wa ku Zimbabwe, Out of Darkness, Shining Light ya mu 2019, ya anthu omwe ananyamula mtembo wa David Livingstone kuchoka kwa Chitambo mu 1873 mpaka ku Bagamoyo, gawo lomwe akufotokoza Halima wophika ndi lokoma zedi, mayi wa pakamwa, koma gawo la Jacob Wainwright ndinachita kulikoka.

Tsopano zoti musamale nazo. Shopuyo imalowa chinyezi nthawi ya dzinja, mabuku a mzere wa pansi amanunkha nkhungu ndipo ena chiswe chinalowamo, kunja amaoneka bwino ukatsegula pakati pali timisewu. Musagule osatsegula tsamba lomaliza, novelo ina ya apolisi ndinafika nayo kumapeto nkupeza mutu wonse womaliza kulibe, wakupha sindikumudziwa mpaka pano, madala anandisinthira ndi ina osakangana koma anzanga a ku Mzuzu omwe amalandira pa basi mwayi woyang'anawo alibe, uzani kuti akujambulireni. Chinanso, pali mabuku ena a fotokope omwe amamangidwa bwino ndi chikuto chonyezimira, pa chithunzi cha WhatsApp sungadziwe, koma zilembo zimakhala zotuwa ndipo mapu sawerengeka, ndinawauza poyera kuti madala izi muzinena, anati aziyika chizindikiro, pena amaika pena amaiwala.

Mabuku a Chichewa ndi ochepa momvetsa chisoni, chaka chonse ndinangoonapo Nthondo la Samuel Josia Nthara, lija la mu 1933, kope la sukulu lolembedwalembedwa ndi bolopeni, ndipo linapita ndisanamalize kulemba meseji. Akuti akapeza a Chichewa amagula kwa aphunzitsi opuma ntchito kapena kwa mabanja omwe akuchotsa katundu wa malemu, nde ngati kwanu kuli katoni ya agogo yomwe ikudyedwa ndi mbewa pitani nayo amagula, ngakhale mtengo wawo wogulira ndi wotsika ndithu, muyambe mwatchula wanu.

Lachisanu masana ndi pomwe makatoni amatsegulidwa kawirikawiri, Lamlungu satsegula, ndipo mukapita nokha tengani ndalama ya pamanja chifukwa netiweki mkatimo imavuta, mumachita kutuluka panja kukatumiza. Pa oda musalipire kuposa theka ndipo mtengo muwalembetse pa WhatsApp osati mu kope lofiira lokha.