NationStates: bilu yanga ya chimanga inafera pakhomo

Ndakhala ndikusewera NationStates kwa miyezi isanu ndi itatu, pa foni, makamaka usiku magetsi akathima. Ndi gemu yaulere ya pa intaneti imene anaiyambitsa Max Barry wa ku Australia mu 2002. Umapanga dziko lako, kulipatsa dzina, mbendera ndi ndalama yake, kenako umayamba kulandira nkhani zoti ugamule ngati mtsogoleri. Zambiri ndi zolemba, zithunzi n'zochepa, ndiye bandulo siithamo msanga.

Koma chimene chandisunga mpaka lero ndi World Assembly, nyumba ya malamulo ya maiko a m'gemumo amene asankha kukhala mamembala. Kale inkatchedwa United Nations, mpaka mu 2008 pamene a UN enieni analemba kalata yoti dzina lawo lisiyidwe. Kumeneko osewera amalemba okha mabilu. Kuti bilu ikafike povoteredwa, iyenera kuvomerezedwa kaye ndi nthumwi za zigawo (magulu a maiko a m'gemumo) zokwana 6 pa 100 zilizonse, ndipo ikadutsa imamanga dziko lililonse lomwe ndi membala.

Ine ndinati ndiyese. Ndinalemba bilu yoti dziko likagwa m'njala, boma liletse kugulitsa chakudya kunja. Kwa ife amene tinakula tikumva pawailesi kuti boma laletsa kutulutsa chimanga, nkhaniyi ndi ya pakhomo, ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Ndinaionetsa kwa osewera anzanga Loweruka madzulo. Pofika Lamlungu m'mawa anali ataisenda ngati nthochi.

Chodabwitsa n'chakuti palibe anayamba ndi kunena kuti ganizolo n'loipa. Onse ankafunsa chinthu chimodzi: kodi bilu imeneyi ndi yololedwa? Wina anandionetsa kuti m'ndime yoyamba ndinatchula COMESA, pomwe kutchula maiko kapena mabungwe enieni n'koletsedwa. Ndinafufuta. Wina anati ndaiika m'gulu la Free Trade, chonsecho ikutseka malonda m'malo mowatsegula. Apo ndinangoseka ndekha, chifukwa zinali zoona. Wachitatu ndiye anandimaliza: anakumba lamulo lakale la National Economic Freedoms n'kunena kuti bilu yanga ikutsutsana nalo, popeza lija limati nyumbayi isamatchinge malonda pokhapokha ngati akuika anthu pachiopsezo chachikulu. Ine ndinati njala ndi chiopsezo chachikulu, nanga n'chiyani? Iye anati choopsacho ndi chilala, osati ntchito yogulitsa chimangayo. Tinakokanakokana masiku atatu pa mawu awiri okha, ine ndikuyankha ndili m'minibasi, dikishonale ili pa tabu ina.

Apa ndiye pali kukoma kwa gemuyi. Lamulo likadutsa silikonzedwa pang'onopang'ono. Ngati lili ndi bowo, uyenera kulithetsa lonse n'kulembanso lina. Ndiye aliyense amawerenga chiganizo chilichonse ngati akusankha mpunga. Mikangano ikakula amaweruza ndi a GenSec, kagulu ka osewera anzathu omwe, ndipo amalemba zifukwa zawo ngati majaji. Yanga sinafike n'komwe kumeneko, ndinaibweza ndekha ulemu usanathe.

Kwa amene mukufuna gemu ya mfuti ndi magalimoto, pitirirani, muno mugona tulo. Chingerezi chakenso ndi cha maloya, chofuna kudekha. Koma ngati mukuphunzira zamalamulo ku yunivesite, kapena mumakonda kutsatira zokambirana za aphungu pawailesi, yesani. Ingokumbukirani kuti munthu mmodzi amaloledwa kulowetsa dziko limodzi lokha mu World Assembly, ngakhale mutakhala ndi maiko khumi.

Gemuyi ndaipatsa nyenyezi zisanu. Bilu ija ndikuilembanso kachinayi, ndipo ulendo uno mawu oti "kuletsa" ndawachotsamo, ndaikamo nkhokwe za chakudya zimene dziko lililonse liyenera kudzaza lisanayambe kugulitsa kunja.