Galaja ya dizilo ku Chipata imene imayesa galimoto ili ndi katundu wake

Magalaja ku Chipata kuno ndi ambiri, ndipo masiku ano pafupifupi makanika aliyense ali ndi kamakina kaja kolumikiza pansi pa chiwongolero kuti kawerenge matenda a galimoto. Amene akusowa ndi munthu wofunsa kuti galimotoyo imadwala ikamachita chiyani. Ine ndinamupeza pa galaja ina ya dizilo chakumadzulo kwa tauni, musanafike pamphambano pamene msewu wa ku Mfuwe umapatuka kuchoka mu Great East Road. Ndi bwalo la mpanda wa malata, mkati muli mtengo wa mango ndi dzenje limodzi lolowera pansi pa galimoto. Eni ake ndi bambo achikulire a imvi, ali ndi anyamata awiri a sipana.

Ntchito yanga ndi yotenga alendo kupita nawo ku paki ya nyama ya South Luangwa ku Mfuwe, aja okonda kugona m'matenti. Ndimayendera Hilux ya 2.5 D-4D yogula kwa munthu, imene yadutsa makilomita 280,000. Kumbuyo ndimakoka thirela yokagonera kutchire: tenti yopinda pamwamba, thanki ya madzi ya malita 80, mabotolo a gasi, firiji ndi batire yake, mipando, mapoto ndi chakudya. Zonse zikalowa imapitirira pang'ono tani imodzi. Popita ku Mfuwe galimoto siivutika, chifukwa ukutsikira kuchigwa. Chipata ali pamtunda wa mamita opitirira 1,100, pamene Mfuwe ali cha m'ma 500. Ntchito ili pobwerera. Pa makilomita pafupifupi 130 aja injini iyenera kubweza mamita onse amene unatsika, ndipo mu October chigwa chimatentha mpaka kupyola madigiri 40.

Vuto linkabwera pobwerera pomwepo. Ukadutsa ku Mambwe n'kuyamba zitunda, galimoto inkayamba bwino, kenaka pakati pa chitunda mphamvu n'kuthawa. Kanyali ka injini n'kuyaka, phazi lili pansi koma injini osafuna kukwera. Ukaima pambali, kuzimitsa, kudikira pang'ono n'kulizanso, inkanyamuka ngati palibe chachitika, mpaka chitunda chotsatira. Utsi wakuda panalibe. Muvi wa kutentha unali pamalo pake. Ndikamasula thirela n'kumayenda m'tauni, kupita ku Kapata kapena ku Mwami, galimoto inali yabwinobwino.

Galaja ina imene ndinayambako inasintha filita ya dizilo, n'kufufuta zimene makina anawerenga, n'kuzungulira nayo m'tauni yopanda kanthu. Vuto litabwereranso anandiuza kuti ma injector anayi onse, tizitsulo topopera mafuta mu injini, atha, ndalama zake zopitirira K20,000. Mnzanga wina woyendetsa Land Cruiser ya alendo ndiye anandiuza kuti ndisanagule chilichonse ndikaonane ndi achikulire aja.

Nditawafotokozera, sanatsegule n'komwe boneti.

"Bambo, thirela ili kuti?"

"Ili kunyumba, achikulire."

"Kaitengeni. Mudzaze madzi m'thanki, muikemo zonse zimene mumanyamula popita kuchigwa. Munthu wachifuwa akakhala pampando amapuma bwino. M'senzetseni thumba la chimanga akwere nalo phiri la Kanjala, ndiye mumva mmene chifuwa chake chilili."

Ndinabwera nayo m'mawa mwake, ndipo anayambira kuthirela komweko. Anaikweza pa jeke, n'kuzungulitsa tayala lililonse ndi dzanja, khutu lili pafupi. Anati anthu ambiri amagula mankhwala a injini pamene mabuleki a thirela ndiwo akugwira, kapena mabering'i auma girizi, galimoto n'kumakoka chinthu chokana kuyenda. Njira yodziwira munthu uli pamsewu ndi yosavuta: ukaima, yandikiza dzanja pakati pa tayala la thirela. Likatentha kwambiri kuposa linzake, vuto lili pamenepo. Anayeza mpweya wa matayala onse. Anaonanso kulemera kwa kumutu kwa thirela, pamene imakolekera, n'kunena kuti kuyenera kukhala cha m'ma gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse. Yanga inalibe mlandu.

Atatero anabwera ku injini, mbali ya mpweya. Apa anandiuza chinthu chimene aliyense wokoka katundu ayenera kuchidziwa. Dizilo ikafooka uku ikutulutsa utsi wakuda, nthawi zambiri ikusowa mpweya: filita ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, paipi yochoka ku turbo (imene imakankhira mpweya mu injini) yang'ambika, kapena EGR (valavu yobweza utsi wina mu injini) yadzaza mwaye. Ikafooka popanda utsi, kawirikawiri ikusowa mafuta. Ngakhale yanga inalibe utsi, sanalumphe mbali imeneyi. Anafinya mapaipi a intercooler, choziziritsira mpweya wochoka ku turbo, limodzilimodzi kufuna mng'alu, n'kuyang'ana ngati pali pamene patuluka kamafuta kakuda, chifukwa mpweya ukamathawa umasiya chizindikiro chotero. Pa intercooler ndi pa radiyeta mnyamata wawo anapopamo mphepo, ndipo munatuluka njere za udzu ndi fumbi lodzaza m'manja awiri. Achikulire anati zimenezo sindizo zadwalitsa galimoto, koma mu October wina zikanadzaiwiritsa.

Gawo limene landichititsa kulemba ndi lotsatirali. Tinakoleka thirela, iwo anakhala kumanzere kwanga makina ali pamiyendo, n'kundiuza kuti nditulukire kunja kwa tauni kumene kuli chitunda chachitali. Sanali kudikira kuti makina awatchulire dzina la matenda. Ankayang'ana manambala awiri oyandikana: puresha ya mafuta imene kompyuta ya galimoto ikufuna, ndi puresha imene ilipodi mu common rail, paipi yachitsulo imene imagawira mafuta ma injector onse. Injini ikangolira poima, puresha imakhala cha m'ma 300 bar. Ikamakoka pachitunda imafunika yopitirira 1,000. Pamalo athyathyathya manambala awiriwo ankayendera limodzi. Titafika pakati pa chitunda, mu giya yachitatu, nambala yoyamba inapitiriza kukwera, yachiwiri n'kuyamba kutsalira, kenaka n'kugwa. Nyali inayaka pomwepo. Makina analemba P0087, kutanthauza kuti puresha ya mafuta yachepa. Zikatero kompyuta imadula mphamvu dala pofuna kuteteza injini, n'chifukwa chake ukazimitsa n'kulizanso imayamba bwino.

"Imani pompano, musazimitse," anatero.

Anatsegula boneti n'kundiitana. Pamwamba pa filita ya dizilo pali kabatani kakuda kozungulira kamene timapopa tikasintha filita. Kanali katamira pansi, ngati wina wakapondereza ndi chala. Anakakoka ndi chikhadabo, kanabwereranso pansi pang'onopang'ono.

"Mukuona, bambo? Pampu ikuyamwa ndi mphamvu, koma kuthanki sikukubwera okwanira. Chatseka chili kumbuyo, pakati pa thanki ndi pano."

Ambiri akanathera pomwepo n'kuyamba kumasula. Iwo anafuna umboni wachiwiri. Anatsegula chivindikiro cha thanki n'kumvetsera ngati chikoka mpweya, chifukwa kapaipi kopumira thanki nthawi zina amakatseka ndi mavu omanga ndi dothi. Sichinalire. Tinabwerera kugalaja, anatenga chigubu cha malita 20 cha dizilo woyera, n'kuchimanga bwinobwino, n'kulumikiza paipi yoonekera mkati kuchoka m'chigubu kupita ku filita, thanki n'kuisiya pambali. Tinabwerera pachitunda chomwe chija, thirela yomwe ija, giya yomwe ija. Galimoto inakwera mpaka pamwamba, manambala awiri aja ali phewa ndi phewa. Kuyesa kumeneku kunachotsera mlandu pampu, ma injector ndi turbo nthawi imodzi, popanda kumasula bawuti iliyonse ya pa injini. Anandiuza kuti chikhala kuti inafookanso pachigubu, akanapita pa kavalavu ka pa pampu kotchedwa SCV, kamene kamalamulira mafuta olowa, asanaganize za ma injector.

Popeza ndinali nditauzidwa kuti ma injector atha, anawayesa ine ndikuona. Analumikiza timabotolo tinayi pamapaipi obweza mafuta, injini n'kulira kwa kanthawi. Mafuta m'timabotolo tonse anafika pafupifupi pamzere umodzi. Injector yotha imabweza mafuta ambiri kuposa anzake, ndipo diso limaona lokha.

Thanki itatsitsidwa, mlandu unaoneka. Pansi panali madzi, ndipo kasefa ka kunsonga kwa paipi yoyamwa kanali kataphimbidwa ndi zinthu zakuda zoterera zonanda. Anazipala ndi sikuludiraiva n'kuzipaka pa chikatoni kuti ndione. Zimenezi zimabadwa pamene madzi akumana ndi dizilo: tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana pamalire pake. Galimoto ikamayenda yopepuka, mafuta ochepa amene ikufuna amadutsa m'timipata totsala. Ikafuna ambiri pachitunda, zoterera zija zimayamwidwa n'kumata kasefa konse. Ukazimitsa zimagwa, njira n'kutseguka pang'ono. Filita yatsopano ya kutsogolo sikanathandiza, chifukwa chotsekacho chinali isanafikidwe.

Ndinafunsa ngati dizilo wa masiku ano ndiye woipa, monga anthu amanenera pa siteshoni. Sanavomere. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA yochoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola imabweretsa dizilo woyengeka kale, wa salifa wochepa, amene injini za common rail zimafuna. Zonyansa zambiri zimalowa pambuyo pake, m'migolo, m'zigubu ndi m'mafanelo, komanso m'thanki momwemo. Ife a ntchito ya alendo galimoto zathu zimakhala chiimire miyezi ya dzinja, pamene misewu yambiri ya m'chigwa yatsekeka ndi madzi. Thanki yokhala theka imachita thukuta mkati usiku kukazizira, madontho n'kumatsikira pansi chaka ndi chaka. Malangizo awo anali oti ikamaima nthawi yaitali izikhala yodzaza, ndiponso ndizikhetsa madzi pansi pa filita osadikira kuti nyali yake iyake.

Ndinalipira K400 yofufuzira, kuphatikizapo maulendo a pachitunda, ndi K900 yotsitsa thanki, kuitsuka ndi kupopa mapaipi. Kasefa ndi filita ndinagula padera. Mtengo anandiuza asanayambe ndipo sunasinthe. Zakale zonse anandibwezera m'pepala.

Zodandaula zilipo. Kasefa m'tauni munalibe, kanachokera ku Lusaka pa basi, ndipo galimoto inagona kugalaja masiku amene ndinali ndi alendo ofuna ulendo. Achikulire sayankha foni akakhala pansi pa galimoto, ndipo palibe wina woyankha m'malo mwawo, choncho ukafuna kudziwa pamene ntchito yafika uyenera kupita wekha. Geti ndi lopapatiza. Kulowa chobwerera ndi thirela kumafuna munthu wokulondolera. Malo okhala makasitomala palibe kupatula benchi ya pansi pa mango. Lisiti analemba nditachita kupempha, zimene kwa munthu wa bizinesi ndi vuto. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nthaka ya pabwalopo, yakuda bii ndi oilo wa zaka zambiri. Dizilo woipa wa m'thanki yanga anamuthira mumgolo, zimenezo anachita bwino, koma mvula ikagwa zapansizo zimatsikira mungalande kupita kumene anthu amalima madimba. Ndinawauza, ndipo anandimvera mwaulemu. Ndikufuna nditadzapeza atathira simenti pamalo osinthira oilo.

Ndabwerera kuchigwa kuchokera nthawi imeneyo, ndipo zitunda za ku Mambwe ikukwera popanda nyali. Ndikutsatira zimene anandiuza za kayendetsedwe: osakwera chitunda mu giya yachisanu uli ndi thirela, kutsitsa giya injini isanayambe kubuula, kuisunga ikuzungulira pakati pa 2,000 ndi 2,500 pa mphindi (rpm), ndiponso ukafika pamwamba n'kufuna kuima, kuisiya ilire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire. Omwe amakoka kupita ku Lusaka, zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa zimafuna zomwezo.

Si ntchito zonse zimene amalandira. Ma injector akakhala otheratu amawatumiza ku Lusaka kwa amene ali ndi benchi yoyesera, ndipo giyabokosi ya otomatiki amakana poyera kuti si yawo. Mukamapita, fikani m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa ulendo wa pachitunda umadya nthawi ndipo masana bwalo limadzaza ndi ma Canter a amalonda. Tengani thirela ili ndi katundu wake, ndipo nyali ikayaka musalole wina achotse batire kapena afufute zimene kompyuta yasunga. Achikulire amafuna kuziwerenga zili momwemo.