Kumenyana kogundana ndi kosagundana: kusiyana kwake kwa wophunzira

Njira yoimitsa chibakera chisanafike pathupi la mnzako ndiyo yofala m'masukulu ambiri a Shotokan, karate ya Gichin Funakoshi, amene anapita nayo ku Tokyo kuchokera ku Okinawa mu 1922. Ubwino wake ngwoonekeratu, chifukwa ana ndi achikulire omwe amatha kuyeserera kwa zaka zambiri osavulala, uku akuphunzira liwiro ndi kudziletsa. Vuto ndi lakuti mkono umazolowera kuima pamene umayenera kupitirira, ndipo munthu amene sanalawepo nkhonya sadziwa kuti chibwano chake chili pamtetete. Pa mpikisano wa karate wa masewera a Olimpiki a ku Tokyo mu 2021, Tareg Hamedi wa ku Saudi Arabia anakomola Sajad Ganjzadeh wa ku Iran ndi theche, koma mendulo ya golide inapita kwa wokomokayo popeza thechelo linaposa mphamvu yololedwa.

Karate ya Kyokushin, imene Masutatsu Oyama anaikhazikitsa mu 1964, imalola kumenyana ndi mphamvu zonse popanda magolovesi: zibakera m'nthiti, mateche m'ntchafu ngakhalenso kumutu, koma nkhonya kumaso njoletsedwa. Ophunzira ake amalimba thupi ndi mtima, komabe lamulo lomwelo limawazoloweza kuima chifuwa ndi chifuwa manja ali m'munsi, zimene katswiri wa nkhonya angazikondwerere kwambiri. Kugundidwa kumutu mobwerezabwereza nako kumawononga ubongo, ndipo chipewa chotetezera sichithetsa zimenezi.

Pa nkhani ya kamenyedwe kakekake ka munthu, ine ndikuona kuti kugundana kumapambana. Pamene oweruza akupereka mapointi kwa amene wayamba kuponya chibakera chooneka bwino, ophunzira onse amayamba kufanana ndi mphunzitsi wawo. Koma wamtali akamva kuwawa m'nthiti chifukwa cholola mnzake kumuyandikira, amaphunzira yekha kumutsekereza patali ndi phazi lakutsogolo, pamene wamfupi amazindikira kuti ayenera kuzinda, kulowa mkati ndi kumenya thupi. Zimenezi mphunzitsi angathe kuzifotokoza, koma thupi limazigwira bwino likakumana ndi munthu wokana kugonja.

Kugundana sikufuna mphamvu zonse tsiku lililonse. Akatswiri a Muay Thai (masewera omenyana ndi zibakera, mateche, zigongono ndi mawondo) ku Thailand, amene amamenya mipikisano pafupipafupi, poyeserera amakhudzana mopepuka ngati akusewera. Wophunzira watsopano ayambe ndi njira yosagundana mpaka atadziwa kulamulira manja ake, kenako apite ku kukhudzana kopepuka, ndipo kumenyana kwamphamvu akusungire masabata okonzekera mpikisano.