Miyezi 9 chilumikizireni AI ku nyumba yanga: mababu ndinaisiyira, loko ndinailanda

Papita miyezi 9 chilumikizireni AI, pulogalamu ya kompyuta yomva ndi kuyankha mawu a munthu, ku zipangizo za m'nyumba mwanga. Ndikuigwiritsabe ntchito tsiku lililonse, koma mphamvu zimene ndinaipatsa poyamba ndazichepetsa kwambiri.

Zonse zimayendetsedwa ndi Home Assistant, pulogalamu yaulere imene Paulus Schoutsen anayambitsa mu 2013. Ndinaiika pa kakompyuta ka Raspberry Pi, ndipo mwa zina imayang'anira mababu 11, masoketi 4, tizipangizo tozindikira kuti munthu walowa m'chipinda, ndi loko wa chitseko. Zambiri zimalankhulana kudzera pa Zigbee, njira yolumikizira zipangizo popanda mawaya. Ziwiri zokha ndi za Matter, ndondomeko imene inatuluka mu 2022 kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana.

Chimene chimandisangalatsabe n'chakuti sindilowezanso mawu. Kale ukaphonya liwu limodzi, makina ankangoti sanamve. Pano ndikanena kuti pabalaza pada koma mwana wagona pampando, imayatsa babu la pakona lokha, mwa kuwala pang'ono. Ndikafunsa ngati pali zenera lotsegula, imandiyankha n'kutchula chipinda chake.

Koma imachedwa. Mawu ako amayamba asandutsidwa zolemba, zolembazo zipite pa intaneti, AI iganize, yankho libwere, kenako babu liyake. Masekondi atatu ali ngati kanthu kochepa, koma ukaima mumdima utanyamula katundu amatalika. Intaneti ikaduka, ziii. Ndiye ndinasintha kuti malamulo afupi, monga kuyatsa ndi kuzimitsa, azichitikira m'nyumba momwemo kudzera pa Assist, gawo la Home Assistant lomvera malamulo a mawu, ndipo ovuta okha ndiwo azipita kunja.

Chimene chinandiopsa chinachitika mwezi wachinayi. Makatani ndi loko ndinazipatsa mayina ofanana, onse okhala ndi liwu loti "kutsogolo". M'mawa wina ndinati itsegule kutsogolo, ndikunena makatani. Ndinangomva loko kuti kwatcha, kenako AI n'kundiuza mwaulemu kuti yachita zimene ndapempha. Sinafunse n'komwe. AI yamtunduwu imalota tanthauzo la mawu, ndipo ikalota molakwika imalankhula motsimikiza chimodzimodzi. Ndinaganiziranso za munthu woima panja pa zenera n'kufuula lamulo lomwelo. Tsiku lomwelo ndinachotsa loko ndi chotenthetsera madzi pa mndandanda wa zinthu zimene AI imaona. Izi tsopano zimayendera malamulo okhazikika amene ndinalemba ndekha, ndipo loko amatseguka ndi foni kapena kiyi basi.

Kukonza mayina kunanditengera Loweruka lathunthu, chipangizo chilichonse dzina lakelake ndi chipinda chake. Kuyambira pamenepo zolakwika zinachepa kuposa pamene ndinkasinthasintha mitundu ya AI.

Khadi ya SD, imene Raspberry Pi imasungirapo zinthu, inafa mwezi wachisanu ndi chiwiri, chifukwa mbiri ya tizipangizo imalembedwapo usana ndi usiku. Mwayi, ndinali nditasunga kope la zonse pena. Ndinaika SSD, chosungira zinthu cholimba kuposa khadiyo, ndipo kachipangizo kolandira mafunde a Zigbee ndinakatalikitsa ndi chingwe, popeza polumikizira pa USB 3.0 pamasokoneza mafunde a 2.4 GHz amene Zigbee imagwiritsa ntchito. Mababu a kuchipinda chakutali anasiya kusowa pa makinawo.