Ndasamutsira seva yanga pa Graviton ndipo ndasiya kunyoza ARM

Ine kuyambira kale ndinkangoti ARM ndi za mafoni basi, kapurosesa kosadya batire, osati koti munthu ungakasenzetse ntchito yolemera. Ndipo zifukwa ndinali nazo, a kampani ya Calxeda amene anayesa maseva a ARM poyambirira anatseka mu 2013. Koma pano patha miyezi ingapo webusaiti yanga ndi database yake ya PostgreSQL zikuyenda pa seva ya mtundu wa t4g ya AWS (nthambi ya Amazon yobwereketsa maseva), mkati mwake muli Graviton2, purosesa ya ARM ya AWS yomweyo, ndipo zoona zake mawu aja ndabweza.

Mtengo wa t4g ndi wotsika pafupifupi 20% kuyerekeza ndi t3 (seva ya purosesa ya Intel) ya saizi yomweyo, bilu inatsikadi. Koma chomwe chinandigwira mtima ndi nkhani ya ma vCPU, timapurosesa tomwe amakuwerengera pa seva yobwereka. Pa Intel kapena AMD akakuuza kuti vCPU ziwiri nthawi zambiri ndi core imodzi (chigawo cha purosesa chogwira ntchito pachokha) yomwe ma thread (mizere ya ntchito) awiri akulimbirana, pomwe pa Graviton vCPU iliyonse ndi core yathunthu, ndiye anthu akachuluka pa saiti madzulo ndimatsegula htop, kapulogalamu koonetsa mmene purosesa yatanganidwira, n'kumangoona timizere tija tikukwera bwinobwino osafika pothina ngati kale.

Tsiku loyamba lokha ndi lomwe linanditulutsa thukuta. Container (kaphukusi komwe pulogalamu imayenderamo) ikungokana kudzuka, "exec format error" basi, ine busy kuyang'ana config mpaka usiku, kumbe image (fayilo yomwe container imachokerako) ndinaimangira pa laputopu yanga ya x86, mtundu wa mapurosesa a Intel ndi AMD, osati ARM. Kupusa kwanga komwe. Nditaimanganso ndi docker buildx n'kuika linux/arm64 inadzuka pompo. Nginx, Python, Node, zonsezi sizinavute olo pang'ono.

Pomwe ndinagonja ndi pa kapulogalamu kena kakale kopanga malipoti, eni ake anangotulutsa ka x86 kokha ndipo code yake yoti n'kumangiranso ARM sapereka, ndiye kameneko katsala pa seva yakale, ndikulipirabe kaseva kamodzi chifukwa cha iko kokha, zimandinyansa mwezi uliwonse. Komanso a Windows Server iwalani, pa Graviton siyenda.

Ngati zanu zili pa Linux ndipo code ili m'manja mwanu, yesani kaye kaseva kamodzi sabata imodzi muone. AWS anayamba Graviton mu 2018, a kampani ya Ampere ali ndi purosesa ya ARM ya Altra Max ya ma core 128, Google nawo anabwera ndi Axion mu 2024, ndiye posankha alipo. Ine chatsala n'kupeza cholowa m'malo mwa kamalipoti kaja.