Suzuki Jimny yanga, patatha nyengo zitatu za mvula m'misewu ya ku Zomba

Ntchito yanga ndi yokonza mijigo. Ndimakhala ku Matawale, koma masiku ambiri dzuwa limandilowera ndili ku Jali, ku Mayaka, kuseri kwa phiri ku Chingale, kapena m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinkayenda pa Land Cruiser ya bungwe lina lomwe ndinkagwirako ntchito. Ntchitoyo itatha mu 2022, ndinagula Suzuki Jimny ya 2011 kwa bambo wina ku Blantyre, ya petulo, injini 1.3, zitseko zitatu. Anzanga onse ankandifunsa funso limodzi lokha: kanthu kameneka kakwera phiri? Za kulemera kwake palibe anafunsako, chonsecho nkhani yonse ya galimotoyi yagona pamenepo.

Jimny yopanda munthu, yopanda katundu, imalemera pafupifupi makilogalamu 1,070. Land Cruiser yomwe ndinkayendetsa inkapitirira 2,000, ndipo tikaikamo anthu, tayala lachiwiri la sipeya ndi zigubu za dizilo inkayandikira matani awiri ndi theka. Koma mukagwada n'kusuzumira kunsi, ziwirizi anazimanga mofanana: thupi lakhala pa chimango chachitsulo chooneka ngati makwerero, ndipo matayala akutsogolo ndi akumbuyo omwe ali pa ekiselo yolimba, chitsulo chimodzi cholumikiza tayala lakumanja ndi lakumanzere. Pa dashibodi ya Jimny pali mabatani atatu, 2WD (kukoka ndi matayala awiri), 4WD (kukoka ndi onse anayi) ndi 4WD-L. Lomalizali ndi la giya yotsitsa liwiro n'kuchulukitsa mphamvu.

Ndinaimvetsa bwino galimotoyi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa. Mijigo yambiri ya kufupi ndi Kachulu inali italowa madzi oipa, ina itakwiririka ndi matope. Tikupita kumeneko ndi mnyamata amene amandithandiza, tinafika padambo lina la makande, dothi lakuda lija lomata ngati phula. Pakati pa dambolo panali pikapu yaikulu ya zitseko zinayi, yodzaza matumba a ufa, itatitimira mpaka difu, chibulunga chachitsulo cha pakati pa ekiselo, yakhala pansi. Matayala onse anayi ankazungulira, matope akuthovukira m'mwamba, galimoto osasuntha. Dalaivala wake anandikodola.

"Achimwene, bwererani. Ngati yanga yakanika, kanu kameneko kamira konse."

Ndinatsika n'kuyenda wapansi m'mbali mwa njira, momwe munali udzu. Ndikaponda, pansi pankanyenda koma phazi silinkaboola. Ndinaphwetsa matayala onse, geji kuchoka pa 25 kufika pa 16. Tayala likachepa mpweya limaphwatalala, gawo lokhudza pansi limatalika, ndiye kulemera kumagawikana pa malo aakulu. Ndinadina 4WD-L, giya yachiwiri, phazi osasintha pa mafuta. Tinadutsa pamwamba pa udzu uja, m'mbuyo mwathu mutangotsala mikwasa yosazama kuposa chikhatho. Pikapu ija inali ndi injini yamphamvu kuposa yanga kutalitali, koma mphamvu imeneyo inkangothandiza kukumba dzenje. Anaitulutsa madzulo, atatsitsa matumba onse.

Sikuti Jimny simatitimira. Yanga yatitimirapo kanayi. Kusiyana kwake n'kwakuti anyamata asanu a m'mudzi amagwira kumbuyo, kunyamula pang'ono, ine n'kulowetsa thabwa kunsi kwa tayala, mphindi khumi zisanathe tili pa ulendo. Ndili pa Land Cruiser tinagonapo panja usiku wonse kudikira thirakitala, chifukwa anthu makumi awiri anakankha mpaka kutopa osaisuntha. Chimodzimodzi pa milatho yamatabwa ya m'midzi. Pali mlatho wina kupitirira Jali umene kale tinkasiya galimoto tsidya lino n'kusenza zida pamutu. Lero amfumu a kumeneko amangoti, "Bambo a mijigo, kanu kaja kaoloke, matabwa akadziwa kale."

Kupepukako kuli ndi mtengo wake, ndipo amene akufuna kugula ayenera kumva mbali imeneyinso. Pamwamba pa phiri la Zomba, msewu wopita ku Chingwe's Hole mvula ikagwa umakhala ndi katondo woterera ngati sopo, koma pansi pake pali polimba. Apa galimoto yolemera imapindula, chifukwa matayala ake amaboola utoto woterera uja n'kuluma pouma. Jimny imakonda kuvina pamwamba, matako akupita uku ndi uku. Kuonjezera apo ndi yopapatiza, ndiye simakwana m'mikwasa yomwe malole onyamula matabwa anasiya. Mbali imodzi imalowa m'ngalande, inayo ili pamtumbira, galimoto n'kupendekeka mpaka mtima kugunda. Ndinaphunzira kuyenda pamwamba pa mitumbira yokhayokha, pang'onopang'ono, maso ali pa tayala lakumanja.

Pooloka madzi ndiye ndimasamala koposa. Tsiku lina pakhwawa lothira mu Likangala madzi anali ofika m'mawondo okha, koma othamanga. Ndili pakati ndinamva kumbuyo kukusendera kunsi kwa mtsinje. Madzi amanyamula galimoto ngati bwato, ndipo yopepuka imayamba kuyandama msanga. Land Cruiser ikanangodutsa osamva kanthu. Kuyambira pamenepo madzi othamanga akapitirira pakati pa tayala ndimazimitsa injini n'kudikira aphwere. Pa tala napo, mumsewu wa M3 wopita ku Blantyre, basi yaikulu ikakudutsani mphepo yake imakukankhirani kumbali, ndipo liwiro likapitirira 90 chiwongolero muyenera kuchigwira ndi manja awiri.

Koma chimene ndikufuna anzanga a mijigo, alangizi a zaulimi ndi azaumoyo amve bwino ndi nkhani ya katundu. Buku la galimotoyi limati yonse pamodzi, anthu ndi katundu yemwe, isapitirire makilogalamu 1,420. Mukachotsera kulemera kwake, mwatsala ndi 350 basi. Ine ndimalemera 82, mnyamata wanga 61. Bokosi la zida 38. Matumba awiri a simenti okonzera chikhazikitso cha mjigo ndi 100. Chigubu cha madzi cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Mwaona kuti tatsala ndi osakwana 50, tisanaike n'komwe mapaipi ndi marodi a pampu ya mjigo ya mtundu wa Afridev.

Marodi amenewa ndi achitsulo, aatali pafupifupi mamita atatu lililonse, ndiye m'kati salowa. Chaka choyamba ndinkawamangirira padenga pamodzi ndi mapaipi. Ulendo wina tikutsetserekera ku Chingale ndinali nditasanjika marodi khumi ndi awiri pamwamba, simenti kumbuyo. Pamalo ena pomwe madzi anadya msewu, tayala lakumanzere linalowa m'chigwembe ndipo galimoto inapendama pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza mtolo waukulu wa nkhuni akaponda mwala. Tayala lakumbuyo lakumanja linanyamuka, ndinaliona pagalasi likuzungulira m'malere. Mnyamata wanga anagwira chitseko n'kunena motsitsa, "Madala, musasunthe, nditsike ndikakwere mbali inayo." Anazungulira, n'kudzendewera pa keriyala mbali yomwe inanyamuka, tayala linabwerera pansi, ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Kulakwa kunali kwanga. Padenga pa Jimny amalola pafupifupi makilogalamu 30 okha, ndipo ine ndinali nditapitirira. Galimoto ikakhala yopepuka ndi yopapatiza, katundu wa pamwamba amaikoka mwamphamvu kuposa momwe angakokere yolemera matani awiri.

Zitachitika zimenezo ndinachotsa mipando yakumbuyo kuti zolemera zonse zizikhala pansi, pakati pa matayala. Padenga pamakwera mapaipi apulasitiki okha ndi marodi osapitirira anayi. Ntchito ikafuna marodi ambiri kapena simenti yochuluka, ndimatumiza dzulo lake pa lole yopita kumsika wa kuderalo, komiti ya mjigo n'kukatenga pa ngolo.

Kutsika phiri ndiye ndilibe nayo dandaulo. Kuchokera ku Ku Chawe kufika m'tauni, mseu wokhotakhota uja, Land Cruiser yodzaza inkafika pansi mabuleki akununkha ngati dalaivala waiwala kutsitsa giya, chifukwa kulemera konse kumathera pa mabuleki ngati kutentha. Jimny ndimaisiya m'giya yachiwiri, injini n'kumaigwira yokha, phazi limangogusa buleki pamakona.

Mafuta imamwa mwaulemu. Kwa ine lita imodzi imandiyendetsa makilomita 12 kapena 13 pa tala, m'matope 9. Thanki yake ndi ya malita 40, yomwe ndi yochepa mafuta akamasowa, poti simungasunge ambiri pa mzere umodzi. Zipangizo zake sizipezeka paliponse ngati za Toyota. Zing'onozing'ono monga mafyuluta ndimazipeza konkuno, koma zikuluzikulu ndimaitanitsa ku Limbe n'kudikira masiku angapo.

Ngati ntchito yanu ndi yonyamula mpunga wa ku Chilwa, matumba a feteleza kapena banja la anthu asanu ndi mmodzi, iyi si galimoto yanu, gulani pikapu ndipo nthawi ya dzinja muzidziwa madambo oti muwalambalale. Ngati mumayenda awiri ndi zida zochepa kupita kumene msewu unathera, sindinaonepo ina yondifikitsa ngati imeneyi.

Mwezi watha ndinabwereka sikelo yoyezera chimanga kwa mayi wina wogulitsa mumsika wa Zomba, n'kuyeza chilichonse chomwe chimakhala m'galimoto: jeke, khasu, matabwa awiri, chingwe, pampu yopopera matayala, bokosi la masipanala. Chilichonse ndinachilemba nambala yake ndi penti yoyera. Tsopano m'mawa tisananyamuke mnyamata wanga amawerengetsa pa foni, ndipo zikakwana 350, chotsalacho chimadikira ulendo wa mawa.