Hadiweya ya ku Malangalanga komwe amayamba afunsa miyeso asanakugulitse matailosi

Mashopu a zipangizo zomangira ku Malangalanga mu Lilongwe ndi ambiri, ndipo katundu wake amangofanana: simenti, malata, penti, matailosi ochokera kunja. Mitengo nayo sisiyana kwambiri. Chimene chandipangitsa kulemba za shopu imodzi mwa amenewa ndi mayi amene amakhala pakauntala, ali ndi kalukuleta ndi kope lakutha m'mbali.

Ndinapita ndi pepala limene mmisiri wanga anandilembera. Pabalaza pa nyumba yathu ku Area 25 anapayeza ndi tepi m'mafiti, monga amachitira amisiri ambiri kuno: mulitali mafiti 16, mulifupi mafiti 13. Pansi pake analemba kuti ndigule makatoni 44 a matailosi a 60 ndi 60. Mayi aja atawerenga anandiyang'ana, nati, "Amayi, pabalaza pokha kapena nyumba yonse?"

Anatenga cholembera n'kuwerengera ine ndikuona. Kuchulukitsa 16 ndi 13 kumapereka masikweya fiti 208. Koma pa katoni ya matailosi pamalembedwa masikweya mita, ndiye pamafunika kusintha. Apa ndi pamene mmisiri anaphonya: anagawa 208 ndi 3.28, popeza mita imodzi ndi mafiti 3.28, n'kupeza masikweya mita 63, amene anamupatsa makatoni 44 aja. Nambala imeneyo imagwira ntchito poyeza kutalika kokha, monga chingwe kapena thabwa. Pa bwalo la pansi mbali zake ndi ziwiri, choncho 3.28 umaichulukitsa ndi 3.28 inzake, ndipo sikweya mita imodzi imakhala masikweya fiti 10.76. Ukagawa 208 ndi 10.76 umapeza 19.3 basi. Pofuna kunditsimikizira, anasintha mbali iliyonse payokha, mamita 4.88 ndi mamita 3.96, ndipo yankho linabwera lomwelo.

Tailosi imodzi ya masentimita 60 mbali zonse imaphimba masikweya mita 0.36, ndipo m'katoni imene ndinasankha munali anayi, kutanthauza masikweya mita 1.44. Anawonjezera 10 pa 100 ya oduladula m'makona ndi osweka, zonse zinafika pa 21.3, ndiye makatoni 15. Kuchoka pa 44 kufika pa 15! Wogulitsa wina akanangolemba lisiti n'kuitana anyamata kuti apakire. Sindikuti mmisiri wanga ankafuna kundibera, ntchito ya manja amaidziwa ndithu, koma masamu a pa katoni ndi nkhani ina.

Pa penti anachitanso chimodzimodzi. Anandifunsa kutalika kwa khoma kuchoka pansi kufika ku siling'i, ndinayimbira foni kunyumba n'kumva kuti ndi mamita 2.7. Anaphatikiza mbali zinayi za chipinda, pafupifupi mamita 17.7, kuchulukitsa ndi 2.7, n'kuchotsapo chitseko ndi mawindo awiri. Anatsala masikweya mita 42. Kupaka kawiri ndiye 84. Anandionetsa kumbuyo kwa chitini pamene palembedwa kuchuluka kwa malo amene lita imodzi imakwanira, ndipo tinagwirizana zitini ziwiri za malita asanu. Anachenjeza kuti pulasitala watsopano amamwa penti kwambiri, ndiye ndisaumire pa andakoti, penti yoyambirira imene imapakidwa pansi pa inayo.

Khonde lathu ndi lokhota ngati L. Malangizo awo anali achidule: ligaweni pawiri, yezani chigawo chilichonse pachokha, kenako phatikizani.

Si zonse zinandisangalatsa. Nzeru zonsezi zili mwa munthu mmodzi. Nditabwereranso kudzafunsa za malata a khitchini ya panja, ndinapeza mnyamata wina amene anawerengera pogwiritsa ntchito mulifupi wonse wa lata, kuiwala kuti pokhoma malata amasanjikizana m'mbali, ndiye malo amene lata limaphimba amachepa. Ndikanatsatira zake ndikanaperewera, denga likanatsala ndi mpata kumapeto. Nditamufunsa anangoti, "Kawafunseni amisiri anu." Mayi aja akakhala kuti kulibe, shopuyi imangokhala ngati ina iliyonse mumsewumo.

Mitengo sinalembedwe pa katundu. Chilichonse umafunsa, ndipo umaona wogulitsa akuyamba wakuyeza ndi maso asanayankhe. Salandiranso katoni yobwezedwa ngakhale isanatsegulidwe, lamulo limene limapweteka kwambiri munthu amene wabwera ndi pepala lolakwika n'kupeza mnyamata uja pakauntala. Komanso pa makatoni 15 anga, awiri anali ndi nambala ya mtundu yosiyana ndi enawo. Matailosi a dzina limodzi opangidwa nthawi zosiyana amatha kusiyana pang'ono maonekedwe, ndipo pansi zimaoneka. Anasintha nditadandaula, koma ndinachita kuyang'ana ndekha katoni iliyonse ili kale m'galimoto.

Malo oimikapo galimoto ndi ovuta, monga mwa masiku onse ku Malangalanga, makamaka Loweruka m'mawa.

Ndingalimbikitse shopuyi kwa amene akumanga pang'onopang'ono ndi ndalama ya malipiro, pamene katoni iliyonse yowonjezera ndi thumba la simenti lotayika. Mupite m'kati mwa sabata, mutenge miyeso ya chipinda chilichonse yolembedwa bwino, ndipo pambali pa nambala iliyonse mulembe ngati ndi mafiti kapena mamita. Mukapeza mayi aja kulibe, funsani nthawi imene abwere.